Batani Lofiira la Bwana

Miyendo yangayi siidziwa kukhala pansi, ndiye tsiku lina mvula itangoyamba inandikweza mwadiya wa Paison wowolokera ku Chiromo. Moyang'anana nane munakhala mtsikana atakumbatira chikwama cha laputopu, nkhope ili ndwii. Ndinamufunsa kwawo. Anati ndi Jesinta, mwana wa konkuno, koma amagwira ntchito ku Blantyre pa kampani imene boma limailemba ganyu pa za makompyuta.

"Ndiye mumakonza makompyuta akafa?"

"Ayi agogo. Ndimajambula pulani ya mapulogalamu, monga amachitira wojambula nyumba njerwa zisanaumbidwe. Anzanga amamanga potsata pulaniyo."

Pulani yake inali yochenjeza anthu za madzi osefukira. Timakina toikidwa mu Ruo ndi mu Shire timayeza madzi, ndipo akakwera moopsa uthenga umapita wokha pa mafoni a anthu a m'chigwa. Anachita dala kuti pasakhale munthu wodina kanthu, kuopa kuti tsiku la madzilo munthuyo angakhale ali ku maliro kapena ku semina.

"Ndiye kunabwera bwana wina wa kulikulu kudzatsegulira," anatero. "Akuti, 'Nanga ine ndidina pati?' Ndikuti bwana, podina palibe, umadina ndi mtsinje. Akuti, 'Atolankhani ajambule mtsinje ine ndilipo?'"

Paison anaseka mpaka nkhafi inaphonya madzi.

Jesinta anawakonzera batani lofiira lotumiza uthenga woyeserera kwa okhala mu tenti ya mwambowo okha. Bwana anakana. Ankafuna mafoni alire chigwa chonse, ndi mawu enieni, anthu aone kuti ntchito ikugwirika. Mtsikanayo anatsutsa mpaka mawu kusasa, koma akuluakulu a pa kampani anamukokera pambali, akuti kasitomala sakanizidwa. Jesinta analumikiza batanilo ku mafoni onse, bwana nkudina.

"Mu Okutobala, agogo! Dzuwa lili phwee, ana akuwoloka Ruo ndi miyendo. Uthenga ukuti madzi akubwera, thawirani kumtunda!"

Anthu anathawadi. Mayi ake omubereka, a Otilia, anakoka mbuzi, mphasa pamutu, nakagona pakhonde la sukulu kudikira madzi. Pobwerera anapeza ng'ombe za eni zitamaliza chimanga cha kudimba.

"Pano ku Mulanje mvula ikugwa," anatero Jesinta. "Uthenga wotsatira udzakhala weniweni, koma amayi akuti foni imanama ngati chidakwa, sadzasunthanso. Ndikupita kukawagwadira. Ndikachoka apo, khomo ndi khomo."

"Bwana uja sakuthandizani kupepesa?" ndinafunsa.

"Anawasamutsira ku ofesi ina. Mwina akudina zina kumeneko."

Kenako anatembenukira kwa Paison. "Inuyo achimwene, unakufikani uthengawo?"

"Unandifika. Mwadiya uno ndinaukokera kumtunda ndi msana wangawu. Mpaka lero ndikawerama ndimamva bwana wanuyo."

"Ukabweranso mudzathawa?"

Paison anapalasa kaye, maso ali kutsidya.

"Asisi, tengani nambala yanga. Ukakhala weniweni, mudzayambe mwandiimbira."

"Achimwene! Chigwa chonsechi ndidzaimbire mmodzimmodzi? Nanga makinawo ndinawavutikiranji?"

"Enawo zawo. Ine mudzandiimbire."

Jesinta anagwira kumutu, nayang'ana madzi amatope amene anali atayamba kale kubwera ndi zinyalala za kumtunda. Anausa moyo, natulutsa foni m'chikwama.

"Tchulani," anatero.