Paipi ya Uvuni wa Iya Dupe

Ndinaphika buledi ndi nkhuni zaka khumi ndi zinayi kuseri kwa msika wa ku Agege. Dokotala atandiuza kuti utsi wandidya chifuwa, ndinayamba kufunafuna malo ena, ndipo ndinawapeza ku Ogba, kumene Alhaji Mukaila Shittu ankamanga nyumba ya nsanjika zisanu. Pamwamba padzakhala mabanja makumi awiri, pansi mashopu anayi. Paipi yaikulu ya gasi yopita ku mafakitale inkadutsa mumsewu womwewo, ndipo Alhaji anali atagwirizana ndi kampani yake kuti nyumba yonse ilumikizidwe, pasadzakhale wokwera masitepe atasenza silinda pamutu.

Shopu ya pakona anandilonjeza ine. Uvuni wa gasi ndinali nditagula kale kwa Mlebanoni wina amene ankatseka bizinesi, ndipo unkadikira pakhonde la achimwene anga utafunditsidwa lona.

Lachitatu lina foni inalira. Anali mawu a mkazi.

"Ndinu Iya Dupe a buledi? Ndine Ebiere, injiniya wa gasi pa nyumba ya Alhaji. Ndikufuna ndione uvuni wanu."

"Uvuni walakwanji, Madamu?"

"Sunalakwe. Koma papulani alemba kuti shopu yanu idzakhala ndi chitofu chimodzi, ngati cha mbeta yowiritsa tiyi."

Anabwera masana omwewo pa keke, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Anali mkazi wamfupi wa ku Bayelsa, wovala jombo zamatope, msinkhu wosapitirira mng'ono wanga. Anagwada kuseri kwa uvuni, napukuta kachitsulo kolembedwa manambala, n'kukopera m'kabuku. Kenako mafunso anayamba. Mumayatsa nthawi yanji? Maola angati? Mudzagula wachiwiri?

"Mulungu akalola," ndinatero ndikuseka.

"Ndiye akadzalola adzapeze paipi ili kale."

Anakhala pa benchi n'kulemba kwa kanthawi. Atatha anandionetsa chala chake chachikulu.

"Paipi imene anajambula ndi yonenepa chonchi, yodyetsa nyumba yonse. Inu mukadzayatsa chilombo ichi m'mawa, amayi a pamwamba moto wawo udzakhala wa kandulo. Adzatsika ndi zipande, Iya Dupe, ndipo sadzafunsa kuti injiniya anali ndani."

Panalinso vuto lina, limene silinkakhudza ine. Wojambula nyumbayo anali ataika mamita onse owerengera gasi, makumi awiri ndi anayi, m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kopanda zenera, ndipo masitepe a nyumba yonse anali amenewo okha.

Loweruka tinakumana pamalo omangapo. Alhaji anafika atavala agbada yoyera, mkanjo wake waukulu, akuinyamula m'manja kuti isakhudze simenti. Ndi munthu wabwino, koma sakonda kuuzidwa kawiri. Ebiere akufotokoza za paipi ndi mamita, iye anamvetsera akuyang'ana wotchi.

"Mwana wanga," anatero, "konkire ya pansi tikuthira Lolemba. Magalimoto ndaitana kale. Nyumba zinayi ndamanga iwe ukadali pamsana."

"Zoona, Baba. Koma zinayizo zinalibe gasi m'makoma."

"Vuto ndi uvuni, eti? Basi, latha. Iya Dupe apeze kwina. Pali Mwibo wogulitsa mafoni amene akundivutitsa za shopu imeneyi. Foni sifuna moto."

Ku Agege ndinali nditatsanzika kale, ndipo malo anga anali atapatsidwa wina. Ndinagwada pamchenga pomwepo. Alhaji anayang'ana kumbali.

Ebiere sanandidzutse. Anavula chipewa chake cholimba, nayandikira Alhaji, n'kutsitsa mawu.

"Baba, shopu ndi yanu, mupatse amene mukufuna. Koma wa mafoniyo akadzachoka padzalowa wophika nsima ya amala, kapena wochapa zovala, ndipo mudzaswa konkire imene mukuithamangirayi. Ngalande tikukumba ndithu. Kuikamo paipi yachiwiri ya mashopu okha, yokhala ndi mita yake, ndi ntchito ya tsiku limodzi."

"Nanga mamita akowo?"

"Amenewo sindisaina, kaya pali buledi kaya palibe. Nsanjika yachisanu adzakhalamo ndani?"

Alhaji anazengereza. "Mwana wanga Sikirat ndi ana ake."

"Gasi akadzatuluka pansi pa masitepe, Sikirat adzatsikira pati?"

Amisiri amene ankapinda zitsulo analeka kugogoda. Alhaji anayenda mpaka pa kachipinda kaja, nasuzumiramo, nayang'ana masitepe mpaka kumwamba. Anabwerera pang'onopang'ono, agbada ija itayamba kukwekwereza pansi.

"Ukufuna uwaike kuti?"

"Pakhoma la kunja, mbali ya kummawa, pamene mphepo imadutsa. Koma jenereta imene ili pamenepo isunthe. Siingakhale pafupi."

"Khoma limenelo ndi la dzina langa. Ndaitanitsa kale zilembo."

"Dzina lanu lidzaoneka bwino pamwamba, Baba. Anthu a m'maminibasi a danfo adzaliwerenga ali kutali."

Alhaji anaseka mosafuna. "Akazi a ku Bayelsa inu, amuna anu amapuma?" Kenako anandiyang'ana. "Dzuka, Iya Dupe, ukudetsa nsalu. Buledi wako akadzakhala wosakoma, ndidzakutulutsa ndekha."

Konkire ija inayamba yadikira, ndipo Ebiere anati pantchito yonse masiku asanu ndi anayi akwana. Anakwana khumi ndi atatu, chifukwa mvula inagwa ndipo ngalande inadzaza kawiri. Alhaji ankaimba foni m'mawa uliwonse. Ine ndinkapita ndi zitumbuwa za akara ndi tiyi m'fulasiki, popeza panalibe china chimene ndikanathandiza nacho. Ndinkamupeza Ebiere ali m'ngalande mpaka m'mawondo, akuyeza kuya kwake ndi tepi, akukangana ndi okumba amene ankafuna kukwirira msanga. Mapaipi achikasu awiri anagona moyandikana, imodzi yonenepa ngati mkono wanga. Pamwamba pake anathira mchenga, nayala kansalu ka pulasitiki kochenjeza aliyense amene adzakumbe pamenepo ife titapita.

Miyezi inayi pambuyo pake nyumba itatha, mamita anakwera pakhoma m'mizere itatu, m'khola la waya, iliyonse italembedwa nambala ya chitseko chake. Yanga inali yaikulu, yapayokha. Asanalowetse gasi Ebiere anapopera mpweya wamba m'mapaipi n'kutseka, nati singano ya geji yoyezera mpweyawo isasunthe mpaka mawa. M'mawa mwake singano ya paipi ya mashopu inali itatsika pang'ono, kutsika kumene ine sindikanakuona.

"Aunty, ndi kuzizira chabe," anatero womangirira mapaipi.

"Bweretsani sopo ndi madzi," anatero Ebiere.

Anapaka thovu polumikizira paliponse, kuyambira pamita mpaka m'shopu mwanga. Kuseri kwa uvuni thovu linayamba kufufuma ngati chule. Womangirirayo anakanda mutu, namasula, namanganso. Tinadikiranso tsiku lina. Ine ndinali nditaitana kale abusa ndi amayi a kumpingo kudzadalitsa shopu, ndipo ndinachita kuwaimbira mmodzimmodzi kuti asabwere. Kunena zoona, tsiku limenelo Ebiere ndinamukwiyira.

Lachisanu singano inaima nji. Anatsegula valavu, nandiuza kuti ndiyatse ndekha. Moto unagwira wabuluu, wopanda utsi, ukungolira pansipansi. Anatumiza uthenga ku mabanja amene anali atalowa kale kuti onse ayatse zitofu nthawi imodzi, ndipo iye anakwera wapansi mpaka nsanjika yachisanu. Anatsika akupuma mwawefuwefu.

"Kwa Sikirat mpunga ukuwira," anatero.

Buledi woyamba ndinamuikira padera, ndi mbale ya nyemba za agoyin. Anadya ataimirira, akunyema ndi manja. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndimuuze: kuti palibe amene anamutuma kudzaona uvuni wa mayi wa ku Agege, kuti akanatha kusaina pepala lija ali muofesi, kuti ana anga atatu adya chifukwa cha iye. Ndinangoyamba kuti, "Mwana wa mayi anga, sindikudziwa kuti ndi—"

"Matumba awo ndi a ndani?"

Ankaloza ufa umene ndinaunjika pakona.

"Ndi anga."

"Valavu yotsekera ili kuseri kwake. Tsiku la tsoka mudzayamba mwasuntha matumba khumi?"

Ndinawasuntha pomwepo, ine ndi Dupe, mwana wanga amene anandipatsa dzina la Iya Dupe, buledi akuzizira pathebulo. Ebiere anatenga utoto wachikasu m'chikwama, najambula mzere pansi kuzungulira valavu, nati pasadzakhale kanthu mkati mwake, ngakhale tsache.

Chaka chisanathe anamusamutsira ku Warri. Nthawi zina amatumiza uthenga, ndipo safunsa za malonda. Amafuna chithunzi cha pakona pa valavu paja. Ndimajambula, n'kutumiza, ndipo amayankha ndi mawu amodzi: "Chabwino."