Kukalambitsa Chithunzi

Amayi anasiya kundidziwa chaka chatha, nthawi yokumba nsawa. Nditafika kumudzi kwathu kufupi ndi Vubwi, anandiyalira mphasa n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinawauza kuti ndine Nikodemo, mwana wawo woyamba. Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira ndi anthu a katemera. Sindinalire, sindinakwiye. Ndinangokhala pamphasapo mpaka mwendo unachita dzanzi.

Mlongo wanga Gloria, amene amakhala nawo, ndiye anandiuza za alubamu. Akuti amayi akatsegula alubamu yathu yakale, ya zithunzi za kamera ya filimu, amatchula aliyense osaphonya, malume, anzawo a kwaya, ngakhale galu amene anafa ine ndili giredi folo. Koma ukawaonetsa chithunzi cha pafoni amangoti anthuwa asamba bwino, n'kukubwezera foni yako.

Ine ntchito yanga ndi yojambula. Ndili ndi kashopu ku Katete, ndimajambula maukwati, zithunzi za ziphaso, ndi mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Kamera yanga ndi ya dijito, imaonetsa ngakhale chiphuphu chimene sichinaganize zotuluka. Ndiye ndinati, bwanji ndidzijambule monga ndililimu, ndi imvi zangazi, koma chithunzicho chioneke ngati cha mu alubamu? Mwina amayi adzayang'ana chithunzi, adzayang'ana ine, n'kuona kuti ndi munthu mmodzi. Nzeru yake inali yomweyo basi.

Filimu ndinaifunafuna osaipeza. Ndinapita kwa Che Luqman, ogulitsa nsalu pafupi ndi msika, amene kale anali ndi situdiyo. Mkuluyu anabadwira ku Malawi ndipo pakamwa pake sipapita ntchentche. Ndinawaonetsa chithunzi chimodzi chimene ndinabwereka mu alubamu, n'kuwafotokozera nkhani yonse. Sanandipepese, ndipo ndinawathokoza mumtima. Anangoti makamera athu a masiku ano alibe manyazi, amaulula zonse ngati mkazi wa kuchigayo, ndipo anandiuza kuti ndibwere mawa masana.

Tinatha masana atatu kuseri kwa shopu yawo, tikujambula zoyeserera ndi kamera yanga. Ndinayamba ndi kuchepetsa kuthwa kwa chithunzi, kuti tsitsi lisamawerengeke limodzilimodzi. Kenako ndinatsitsa mphamvu ya mitundu n'kukankhira kuwala konse ku chikasu. Che Luqman atasuzumira anati ndaoneka ngati ndagwera mu mafuta ophikira, ndibwezeko pang'ono. Anatinso pa filimu yotchipa imene anthu a kumudzi ankajambulitsa, chakuda sichinkada bii, chinkatuwa n'kupendekera ku mtundu wa msipu. Ndinapeputsa mithunzi mpaka anasiya kudandaula.

Chotsala chinali timchenga tija timaoneka pa zithunzi zakale. Ndinakweza ISO, nambala imene timakweza kukakhala mdima, mpaka 6400, dzuwa lili phwee. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikulimbana ndi timchenga timeneti kuti makasitomala asandinene. Tsiku limenelo ndinkachita kutinyengerera kuti tibwere.

Pojambula penipeni, anandiimika pakhoma n'kuyatsa fulashi kuti indimenye kumaso, mthunzi ugwere kumbuyo. Nditamwetulira anatsitsa kamera.

“Tseka mano, iwe. Kale munthu ankaima njo, poti ankadziwa kuti ndi kamodzi basi. Ndipo inenso ndidina kamodzi.”

Anadinadi kamodzi. Ndinachitsuka pa pepala losanyezimira, iwo n'kuzungulitsa makona ake ndi sizasi yodulira nsalu. Nditachiika pambali pa chakale chija, kusiyana kwake kunali kovuta kukuona. Che Luqman anati ntchito yagwirika. Ine ndinayang'ana bambo wa imvi amene anali pamenepo, osamva chilichonse.

Loweruka ndinapita kumudzi. Amayi anandilonjera, ndipo ataona kamera pakhosi panga anauza Gloria kuti kwabwera a zithunzi. Gloria analowa m'nyumba, analowetsa chithunzi chatsopano chija pa tsamba lomaliza, n'kubweretsa alubamu pakhonde. Ndinakhala pafupi nawo, nditavala shati yomweyo ya pachithunzi.

Anayamba kutsegula. Awa ndi malume Aaron. Uyu ndi Cynthia wa kwaya, ankaimba ngati wameza fupa. Tsamba lililonse ankalinyambitira chala, osafulumira. Gloria anali atagwira chitenje pakamwa. Ine ndinkayang'ana nkhuku imene inkapalasa pansi pa nkhokwe.

Atafika pa tsamba lomaliza anaima. Anasendeza alubamu kufupi ndi maso, n'kupititsa chala pa imvi zija.

“Nikodemo,” anatero. “Mayo, mwana wanga wakalamba.”

Gloria anandigwira phewa mwamphamvu. Ndinasendera kutsogolo pang'ono kuti nkhope yanga ikhale pafupi ndi tsambalo. Amayi anayang'ana chithunzi, kenako anayang'ana ine, nthawi yaitali ndithu, maso awo ali mbee. Ndinadikira.

“Bambo, inu a zithunzi mumayenda malo ambiri. Uyu munamujambula kuti?”

“Ku Katete, amayi.”

“Ku Katete pompa? Ndiye mukamuonanso mukamuuze kuti amake akadali moyo. Mpaka kumera imvi osabwera kudzandiona. Kaya ndinamulakwira chiyani.”

Gloria anadzuka n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Ine ndinatsala pomwepo, manja ali pamaondo.

“Ndikamuuza, amayi.”

“Musakamukalipire,” anatero. “Mukangomuuza bwinobwino.”