Lamba wa Pamkono

Kumalo osungira katundu kuja ankamutchula kuti Pulayazi, chifukwa akagwira chinthu ndiye kuti chagwidwa basi. Zaka zisanu ndi zinayi anatsitsa mafiliji m'malole osagwetsapo ngakhale imodzi, ndipo sankachedwa kukumbutsa anthu zimenezo. Ntchitoyo ndi ya awiri. Wina amaima m'lole atagwira lamba womangidwa pafiliji, wina amatsogola pansi chafutambuyo, akuichirikiza ndi chifuwa pamene ikutsetsereka pathabwa. Wa pansiyo saona kanthu koma chitsulo choyera kumaso kwake. Wa pansi wa Pulayazi anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono, ndipo ntchitoyo anamupezera ndi Pulayazi yemweyo.

Manja aja anamuukira mwakachetechete. Poyamba zala zinkangonyerenyetsa kunsonga, kenako ululu wotentha unayamba kukwera mpaka m'chigongono. Ululu sunamuopse, anali atauzolowera kalekale. Chinamuopsa ndi dzanzi. M'mawa wina analimbana ndi mabatani a malaya mpaka thukuta kamukamu, ndipo kapu ya tiyi inaphwanyika pansi iye osaimva ikuchoka m'dzanja.

"Bambo a mwana, kaonetseni manjawo kuchipatala," anatero mkazi wake akutola magalasi.

"Angotopa awa. Lamlungu apuma."

Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma Pulayazi anali ataonapo zimene kapitawo amachita ndi munthu wobwera ndi kalata ya dokotala: amamupatsa tsache, amamulankhula mwaulemu wodabwitsa, ndipo mwezi usanathe munthuyo saonekanso. Choncho anayamba kudzisamalira yekha. Ankaviika manja m'beseni la madzi ofunda, kuwapaka mafuta oyaka, kuwakutumula kuseri kwa makatoni anthu akayang'ana kwina. Zonsezo zinkathandiza kwa mphindi khumi.

Kenako anapeza nzeru yoipa. Anayamba kukulunga lamba uja kawiri pamkono, n'kuphimba ndi dzanja la ovolosi. Chimenecho ndi choyamba chimene amaletsa munthu watsopano, chifukwa filiji ikathawa imakutengera limodzi. Iye ankadzitonthoza kuti akungothandizira zala.

Lachinayi masana inafika lole ya mafiliji khumi ndi awiri, akuluakulu a zitseko ziwiri. Manja anali atafa kuyambira m'mawa. Anawamenyetsa pantchafu, koma zinali ngati akumenyetsa magolovesi a munthu wina.

"Alamu, lero mwakhala chete bwanji? Akumanani chakudya kunyumba?" anaseka mlamu wake akuima pansi pa thabwa.

"Yang'ana ntchito, iwe."

Filiji yoyamba inapendekeka n'kuyamba kutsika. Lamba anakungika. Pulayazi anaponda mwamphamvu, nagonera chambuyo, maso ali pamutu pa mlamu wake pamene pankangoonekera pang'ono kuseri kwa chitsulo. Thabwa linkalira pansi pa kulemerako. Pakati pa njira anamva kukoka kwachilendo m'phewa, nsapato zake zinakhwekhwereka pang'ono. Anapirira. Filiji inatsika pang'onopang'ono mpaka inakhazikika pasimenti.

Apo m'pamene anayang'ana dzanja lake. Zala zinali zotambasuka, zonse zisanu, ngati za munthu wopempha. Sanadziwe kuti zinatseguka liti. Lamba anali atadya khungu la pamkono, magazi akulowerera mu ovolosi, ndipo ngakhale zimenezo sankazimva.

Mlamu wake sanakankhe filiji ija kupita nayo mkati monga mwa masiku onse. Anabwera m'mphepete mwa lole, nayang'ana mkono uja, kenako nkhope ya Pulayazi. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Ndinasuzumira m'mbali tili pakati," anatero motsitsa mawu. "Ndinaziona zala zanu, alamu. Zayamba liti?"

"Miyezi itatu."

"Miyezi itatu ine ndili pansi."

Pulayazi anachita manyazi kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wake. Kukhomo kapitawo anawomba m'manja, akuloza wotchi: lole ina inali itaima kale pageti, ndipo m'kati munatsala mafiliji khumi ndi imodzi.

Mlamu wake anatembenukira kwa kapitawo. Kunali kungokweza dzanja basi kumuitana, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anangopukuta manja pathalauza n'kubwerera pansi pa thabwa.

"Sindikunenerani ine. Pakamwa muli napo," anatero akukhazika mapazi. "Koma musanamange inayo, muganiziretu zimene mukamuuze mlongo wanu."

Kapitawo anawombanso m'manja. Pulayazi anaima m'lole, lamba akulendewera pamkono, mlamu wake ali pansi akudikira.