Katatu Pakhoma

Go! Go!

Azakhali anasiya kupinda zovala za malemu. Onse atatu anakhala duu, kudikira kachitatu. Sikanabwere.

"Mwamva?" ananong'ona azakhali. "Alamu anga aja abweranso."

Inali sikisi koloko m'mawa, tsiku lachiwiri chiikire maliro a mayi. Kugogodako kunkamvekera m'chipinda cha malemu, momwe munalibe munthu, koma bedi loyala ndi Baibulo pampando.

"Azakhali, akufa sagogoda," anatero Makaniko, mwana woyamba wa malemu, uku akumanga zingwe za nsapato. "Ndi chigawenga cha kuseri kwa khomachi. Chinatiphera bambo, lero chikuseka maliro a mayi."

Nyumbayo inali ya makomo awiri, khoma limodzi pakati. Kuseriko kunkakhala Adalaivala, amene zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ataledzera, anabweza lole pabwalo pomwepo n'kuponda bambo a anawa. Anakagwira ndende, mkazi anawathawa, ndipo atatuluka anabwerera m'chipinda chomwecho. Kenako sitiroko inawagwetsa. Anthu a mumsewuwo ankati amalankhula ndi munthu amene anamupha uja. Ana ankadutsa pakhomopo mothamanga, osacheuka.

"Ndikupita kwa alandilodi," anatero Makaniko. "Pofika masana akhale atatulutsidwa, katundu panja."

"Kaya ndi iyeyo, kaya ndi alamu, ine m'chipinda umo sindipondamo," anatero azakhali. "Ndagona kale ndi nsapato masiku awiri."

Chitsiriza, mlongo wake wa Makaniko, anadzuka. Anakankha chitseko cha mayi ake. M'chipindamo munkazizira, munkanunkhirabe sopo wawo. Pakati pa bedi ndi khoma panali kachiguduli komwe mayi ankagwadapo popemphera, kali ndi timaenje tiwiri ta mawondo. Anagwada momwemo. Anafuna kupemphera bwino ngati mayi, koma mawu anatuluka awiri okha.

"Ambuye, ndikuopa."

Atatsegula maso anaona chimene munthu woima sakanachiona. Pakhoma, m'munsi, penti inali itasupuka malo aakulu ngati chibakera, ndipo malowo anali osalala, akuda ndi kukhudzidwa. Anatenga Baibulo pampando. Pakati pake panagwa kiyi womangidwa kachingwe. Makiyi a nyumbayo ankawadziwa onse kuyambira ali mwana. Uyu sanali wa pakhomo pawo.

Anatunga madzi m'kapu n'kutuluka. Makaniko anamupeza pabwalo.

"Iwe, madziwo ukupita nawo kuti?"

"Kuseri."

"Wapenga? Bwerera!"

"Achimwene, dzulo kunamveka katatu. Lero kawiri. Mawa kudzamveka kangati?"

"Ife zikutikhudza chiyani?"

Chitsiriza anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali kiyi uja.

"Anali m'Baibulo la mayi."

Kiyi analowa bwinobwino pachitseko cha Adalaivala. Chitseko chinatseguka popanda phokoso. Wina ankachithira mafuta. Fungo linamuwomba kumaso, ndipo mdima wa makatani otseka unamutenga maso kwa kanthawi. Kenako anaona chidebe chouma pambali pa bedi, nyenyeswa za buledi, ndi mbale ya maluwa abuluu imene mayi ankati inasowa. Pabedi panali munthu wowonda ngati chikuni, atayang'ana kukhoma, supuni ili m'dzanja limene linkagwirabe ntchito.

"Mayi?" anafunsa Adalaivala, lilime likulemera.

"Ndine mwana wawo. Mayi anatisiya Lachisanu."

"Nyimbo ndinazimva."

"Nanga mumagogoderanji, bambo? Mwatiopseza."

Anawadzutsa mutu n'kuwagwirira kapu. Anamwa mwadyera, madzi ena akutsikira m'khosi. Atapuma anayamba kulankhula pang'onopang'ono.

"Mayi anu akamaliza kupemphera ankagogoda katatu. Ndikayankha, ankadziwa kuti ndadzuka wamoyo, ndiye ankabwera ndi madzi ndi tiyi. Zaka zinayi. Pano ndimati mwina wina amva." Anapumanso. "Tsiku loyamba anaima pomwe mwaimapo, akunjenjemera ngati inuyo. Ndinati, mwabwera kudzandimaliza? Anati, 'Ayi, ndabwera kudzachapa. Ndamuuza Mulungu kuti sindikufuna, koma wakana kundimvera.'"

Chitsiriza anaseka, misozi ikutsika. Amenewo anali mawu a mayi ake enieni.

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Makaniko anali ataima pamenepo, manja m'thumba. Sankayang'ana nkhope ya Adalaivala. Ankayang'ana juzi yabulauni imene anavala, ya chigamba chachikopa pachigongono. Juzi imeneyo Makaniko anaipempha kwa mayi chaka chimene bambo anamwalira, ndipo mayi anati ikhale kaye m'sutikesi.

"Imeneyo ndi ya bambo anga," anatero.

"Ndikudziwa," anayankha Adalaivala. "Ndinakana. Anati kukuzizira, ndipo mwini wake sakanandisiya ndikunjenjemera." Anayamba kukoka juziyo ndi dzanja limodzi. "Vulani, mwanangu. Ndekha sindingathe."

Makaniko anatembenuka n'kuchoka. Chitsiriza anamva azakhali akufunsa pabwalo, "Kodi wafa?" koma yankho sanalimve. Anaganiza za alandilodi, za bedi ili litaponyedwa panja dzuwa likuswa mtengo, ndi iye yekha ataima pambali pake anthu akuonerera. Anatsegula katani, n'kutola mbale ya maluwa ija. Anapinda manja a malaya ake n'kuyamba kufunafuna sopo.

Go!

Mbale inatsala pang'ono kumupulumuka. Kugogodako kunachokera m'chipinda cha mayi.

Go! Go!

Linali dzanja lolemera la Makaniko, lozolowera zitsulo. Koma linagunda m'munsi, pamalo amene munthu sangafike pokhapokha atagwada.

Adalaivala anatseka maso. Anakweza supuni, n'kuyankha katatu.