Bokosi la Pabalaza

Amuna awo atamwalira, mayi ena, aphunzitsi opuma ntchito, anasiya kudya bwinobwino, tulo natonso tinawathawa. Ngakhale pemphero linayamba kuwakanika. Akangoti "Ambuye," maganizo ankathamangira ku imfa.

Tsiku lina anaitana kalipentala kuti awayeze msinkhu.

"Imfa ikundiopsa chifukwa sindinaizolowere," anamuuza. "Mwana woopa mayeso timayamba tamupatsa oyeserera."

Bokosi la maliro linabwera pa wilibala, ndipo analiika pabalaza, pakati pa sofa ndi kabati ya mbale. Masana omwewo mayiwo anavula nsapato, analowamo, napinda manja pachifuwa.

"Ambuye, musatekeseke, ndangobwera kudzaona malo."

Anadzuka dzuwa litapendeka, msana uli myaa, njala itawagwira koyamba chichitikireni maliro.

Mpongozi wawo atawapeza ali gone m'menemo anagwetsa beseni la zochapa. Mwana wawo wamwamuna anathamangira kukatenga abusa, omwenso anali nkhalamba. Abusawo anaima chapatali, chipewa chili m'manja.

"Mayi, kodi mwataya chiyembekezo?"

"Ayi abusa, ndiye ndachipeza kumene. Muno mulibe foni, mulibe chosesa. Umangoyang'ana kudenga n'kumacheza ndi Mwini wake. Nanga inu, pemphero likuyenda masiku ano?"

Abusa anaika chipewa chija pasofa. Kenako anaulula kuti chitulukireni m'chipatala, mapemphero awo ankangogunda malata n'kubwerera. Anavula jekete, nalowamo mosamala, mawondo atawapinda poti anali aatali. Posakhalitsa mkonono unamveka.

"Amayi," anatero mwana uja, "tinawaitanatu kuti akutulutseni."

"Tsitsa mawu, mwanawe. Mtumiki wa Mulungu ali pa ntchito."

Nkhani siigona. Okalamba a mumsewumo anayamba kufika masana aliwonse, n'kumadikira pasofa akumwa tiyi. Ankakamba za mawondo, za ana osaimba foni, za anzawo amene anatsogola, ndipo nthawi zina ankaseka mpaka wa m'bokosi ankadzuka kudzafunsa chimene chamudutsa. Aphunzitsi anali kalikiliki kuwiritsa madzi ndi kugogoda m'mbali mwa bokosi wina akakhalitsamo, moti eni akewo mpata wolowamo unkawasowa.

Mpongozi anatopa n'kutsutsa. Anangopempha kuti anzake akuntchito akamabwera, bokosilo aziliyala nsalu n'kuikapo maluwa. Mmodzi wa anzakewo anayamikira tebulo, nafunsa kumene analigula.