Supuni Imodzi ya Tiyi

Kwathu akamva kuti ndili ku yunivesite ankaomba m'manja, koma akamva zimene ndikuphunzira manja aja ankagwa okha. Za kadyedwe ka odwala. Azakhali ndiye sankabisa mawu: "Zaka zinayi kuphunzira kuphika? Amayi ako analephera chiyani?" Ndinkalongosola mpaka kukhosi kuuma kuti ife sitiphika, timaona chimene thupi la wodwala lingalandire ndi chimene chingamuphe. Aaa, kunali kungotaya malovu. Abambo okha ndi amene ankandiikira kumbuyo, koma nawonso ndi nthabwala zawo zija, ankanditcha Adokotala a Mapoto.

Chaka chachitatu tinayamba kulowa m'mawodi. Kumeneko ndinaona zimene madzi wamba amamuchita munthu wa sitiroko. M'mero mukatha mphamvu, chimene wamwa sichipita m'mimba, chimalowerera m'mapapo, ndipo ena satsokomola n'komwe. Pakapita masiku, chibayo, kenako maliro. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi waukali ngati mavu, ankachita kumenya tebulo. "Wodwala akalephera kumeza, pakamwa pasalowe kanthu. Olo dontho! Achibale adzalira, adzakutukwanani, inu musagwedezeke." Ine ndinaloweza, ndipo pa mayeso ake ndinawaposa onse m'kalasi.

Teremu yomweyo abambo anagwa m'bafa.

Ndinawapeza pabedi la pakona, pafupi ndi windo losatsekeka, mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka. Nesi anawayesa ndi kasupuni ka madzi ine ndikuona. Anatsamwa mpaka maso kufiira. Basi, anawalowetsa chubu chodyetsera m'mphuno, n'kumata pepala kumutu kwa bedi loti asapatsidwe chilichonse pakamwa. Mumtima ndinati, apa ndiye pofunika ine. Sukulu ndinayamba ndaisiya, ndinakoka mpando n'kukhala pamenepo ngati mlonda.

Mlonda wake wolondera abale ake omwe! Nthawi yoona odwala ikakwana, azakhali ankatulukira ndi mabakuli, achimwene ndi juwisi, amayi ndi fulasiki, poti abambo chikhalire sanayambepo tsiku osamwa tiyi wamkaka wa shuga wambiri. Mabakuli ndi juwisi ndinkabwezera pakhomo.

"Iwe mwana, mlongo wanga ukumupha ndi njala!" azakhali anakuwa tsiku lina, wodi yonse kumva.

"Akudya, azakhali. Chakudya chikudutsa m'chubumo, ndipo ndi chokwanira."

"Munthu amadyera m'mphuno? Sukulu imeneyi yakuzunguza mutu iwe."

Ndinangoti tsonyo, n'kuwapatsa nkhongo. Ankadziwa chiyani iwo za mapapo?

Amayi sankakangana nane. Ankangokhala, fulasiki pamiyendo, kuyang'ana milomo ya amuna awo imene inali itang'ambikang'ambika. Ine ndinkaipukuta ndi thonje lonyowa, nditalifinya kaye kuti lisadonthe. Abambo ankaliluma thonjelo kuti aliyamwe, ine n'kulisolola msanga. Zinkandiwawa kwambiri zimenezo, musaganize kuti ndinali mwala. Koma ndinkafuna abambo anga atuluke m'chipatalamo amoyo, ndipo ndinali wokonzeka kudana ndi mtundu wonse chifukwa cha zimenezo.

Mawu anali atawathawa, ankangobuula. Ndiye masana ena amayi anatsegula fulasiki kuti athireko okha, poti anali asanalawe kanthu chidzukire. Fungo lija litawafika abambo, anatembenuza mutu movutikira. Sanayang'ane amayi ayi, anayang'ana ine, chifukwa ankadziwa amene akulamula pabedipo.

"Mwanangu," anatero, mawu akukoka. "Tiyi."

Chigonere chawo, awa anali mawu oyamba omveka.

"Supuni imodzi yokha," amayi ananong'ona. "Angolawako."

"Ayi, amayi."

"Tawaona mmene akukuyang'anira."

"Mukufuna tiwaike m'manda chifukwa cha supuni imodzi? Akachira adzamwa fulasiki yonse."

Ndinatseka fulasikiyo ndekha n'kukaisiya pakhonde. Pobwerera ndinapeza abambo atayang'ana kukhoma. Kuyambira pamenepo, ndikafika ndi thonje langa ankatseka pakamwa zolimba. Sanandiyankhulenso.

Anamwalira sabata yomweyo, m'mawa, nesi akusintha nsalu za pabedi. Sichinali chibayo. Mtsempha wina unaphulikanso m'mutu. Dokotala anachita kundigwira paphewa n'kundiuza kuti mapapo awo anali oyera mpaka mapeto, ndinawasamala bwino. Mapapo oyerawo ndipite nawo kuti?

Pamaliro ndi pamene achimwene anaulula. Akuti dokotala wamkulu anawaitanira pambali abambo atangogonekedwa, poti iwo ndi oyamba kubadwa, n'kuwauza kuti magazi m'mutu achuluka, zochira palibe, tingodikira. Iwo anasunga mumtima kuti asatidandaulitse akazife. Ha! Kusatidandaulitsa! Azakhali nawo, aliyense wobwera kudzapepesa ankamuuza kuti mlongo wawo wapita ndi ludzu, mwana wake ali pomwepo. Ine ndinkadzilimbitsa mtima kuti lamulo ndi lamulo. Kaya achira kaya sachira, wolephera kumeza sapatsidwa kanthu. Ndinaphunzira zimenezo, ndipo palibe akanandiuza zina.

Chaka chachinayi, kalasi yomweyo, mphunzitsi yemweyo. Analemba pabolodi kuti lero tikamba za odwala amene sachiranso.

"Zija ndinakuuzani chaka chatha, apa muziike pambali," anatero. "Munthu akakhala kuti akupita, palibenso chimene mukuteteza. Kambiranani ndi dokotala ndi achibale, mukhazikeni tsonga, mumpatse pang'onopang'ono chimene mtima wake ukufuna. Kum'mana pamenepo si chithandizo, ndi nkhanza."

Anzanga ankalemba, mabolopeni ali kwalakwala. Ine ndinakweza dzanja.

"Madamu, bwanji simunatiuze zimenezi chaka chatha?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Zimenezi ndi za chaka chachinayi. Pali funso lina?"

Ndinatuluka kalasi isanathe. Ndinakaima kuseri kwa laibulale, pomwe amaunjika mipando yothyoka, n'kuwaimbira amayi. Ndinkafuna kuwalongosolera bwinobwino, za mapapo, za achimwene, za silabasi, koma zonse zinandisokonekera m'kamwa. Ndinangoti, "Amayi, supuni ija ndikanawapatsa. Zimaloledwa."

Kumbali kwawoko ndinkamva mpopi ukuthira madzi m'ndowa.

"Ine ndinkaona kuti akupita, mwanangu," anatero. "Ndinakhala nawo zaka zonsezi, sindingalephere kuona. Koma ndinati wophunzira ndiwe."