Dzina Lobwereka la Feggie

Chaka chimenecho ku Kapelula kunafika alendo awiri ofufuza za makuponi a feteleza. Anabwera pa galimoto imodzi, otumidwa ndi bungwe limodzi, koma kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kosiyana ngati ka mlenje ndi msodzi.

Woyamba anali Ephraim, bambo wa chipewa chachikulu, woyenda ndi sikelo ndi chingwe choyezera minda. Iyeyu mpando sankaudziwa. Ankafunsa ali chiimire: kuponi munalandira, eya kapena ayi? Matumba angati? Mwakolola ngolo zingati? Ukayamba kumufotokozera za mvula yomwe inadula chimanga chikumasula, ankamwetulira mwaulemu, diso lili kale pa khomo lotsatira. Anthu anamukonda kwambiri, pajatu munthu wosafuna kumva zambiri savuta kumunamiza.

Wachiwiri anali Princess, mtsikana wokulira m'tauni, wa kawailesi kojambulira mawu. Iyeyu anapempha chipinda kwa aphunzitsi n'kukhala m'mudzimo mpaka fodya atayamba kuuma m'zigafa. Ankati manambala a mnzakeyo amangonena kuchuluka kwa zinthu, koma chifukwa chake chimatuluka pocheza. Ephraim ankamuseka kuti macheza a anthu ochepa si kafukufuku, ndi miseche yovala nsapato.

Onse awiri anafika pakhomo pa Feggie, mkazi wa malemu Mphepo, mayi wosabisa mawu amene ankalera yekha ana. Moyo wa banja lake unali pa kuponi. Dothi la kumeneko fodya analiyamwa kalekale, ndipo popanda feteleza chimanga chimathera m'mawondo. Komiti ya mudzi inali ndi lamulo lake: wogulitsa kapena kugawa feteleza wa kuponi, dzina lake lifufutidwe. A Tsoka, apampando a komitiyo, ankalengeza zimenezi chaka ndi chaka ndi mawu a pa guwa, pamene kuseri kwa nyumba yawo akazi awo akupungulira achibale feteleza ndi mbale. Mudzi wonse unkagawana, ndipo mudzi wonse unkadziwa kutseka pakamwa.

Kusiyana kwake n'kwakuti Feggie ankagawira munthu wobwera. Tsidya la dambo kunali esiteti ya fodya, ndipo kumeneko kunkakhala Maliya, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe. Matenanti sankalembedwa pa makuponi, ati kwawo si kuno. Maliya anali ndi kamunda ka chimanga kuseri kwa chisakasa chake, ndipo phoso la bwana likatha ana ake ankagonera mango owiritsa. Iye ndi Feggie ankaimba limodzi ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Feggie ataona mapazi a mwana wa Maliya atatupa, sanafunse komiti. Thumba limodzi linawoloka dambo, ndipo linkawoloka chaka chilichonse.

Ephraim atafunsa za matumba, Feggie anayankha osaphethira: “Awiri, bambo. Ndinathira onse.” Ephraim anayeza munda, anayeza chimanga, anaona kuti n'chochepa, analemba, napita. Bodza la Feggie linakagona pakati pa mabodza a makomo mazanamazana, mwamtendere.

Princess ndiye anali woopsa, ngakhale mwini wakeyo sankadziwa. Ankabwera m'chigafa, kukhala pansi, kuphunzira kusoka fodya, zala zake zonse zitada ndi phula la masamba. Ankaseka poona Feggie akusoka ndi dzanja lamanzere, liwiro lake loposa la amayi onse. Sankafulumira kufunsa. Munthu wokhala nawe chete chotero amakutsegula pakamwa wekha, ndipo tsiku lina Feggie anaulula zonse.

“Koma mwana wanga, zimenezi zikamveka ndafa ine,” anatero.

“Musadandaule amayi,” anayankha Princess ndi mtima woona. “Dzina lanu sindilemba. Ndikupatsani lina.”

Fodya anapita ku okushoni, dzuwa linatentha, ndipo kalembera wa makuponi atayandikira, alendo aja anabweranso kudzanena zomwe anapeza. Anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. Ephraim anayamba. Anati pafupifupi khomo lililonse linanena kuti linathira feteleza yense m'munda mwake, komabe zokolola zinali zochepa, ndipo chifukwa chake manambala sakuchionetsa. Anthu anagwedeza mitu mwachisoni. “Mvula, bambo, mvula,” anatero wina kumbuyo. Zinayenda bwino zedi.

Kenako Princess anaimirira, nkhope ili ngwee, chifukwa yankho lomwe linamusowa mnzakeyo iye anali nalo.

“Mayi wina, timutche Ennie,” anawerenga, “wamasiye, amene amasoka fodya ndi dzanja lamanzere, anandiuza kuti: ‘Thumba limodzi ndimawolotsa dambo. Njala ya mwana sifunsa kuti kwanu n'kuti.’”

Makosi onse pabwalopo anatembenukira kumodzi. Mwana wa m'tauni uja ankaganiza kuti munthu amabisala ukam'sintha dzina. Kumudzi dzina ndi la ku tchalitchi ndi kuchipatala. Munthu timam'dziwa ndi kayendedwe, chifuwa chake, ndi dzanja lomwe amagwirira khasu. Wamanzere wamasiye ku Kapelula konse analipo mmodzi.

Feggie anachita mantha, ndipo pamwamba pa manthawo panakwera mkwiyo.

A Tsoka sanali munthu woipa mtima, ndipo nkhaniyi inkawotcha ndi nyumba yawo yomwe. Anakonza kukhosi, nam'tsegulira Feggie kanjira kothawira.

“Ife m'mudzi muno Ennie tilibe,” anatero pang'onopang'ono. “Mwina mlendoyu wangopeka kuti nkhani ikome. Kodi inu a Feggie, pajatu mumacheza naye, mayi ameneyu mukum'dziwa?”

Kunali kosavuta. Kungoti “ayi”, basi, kuponi ili m'manja, mlendo n'kupita ndi manyazi ake. Feggie anaganiza za ana ake ndi munda wake wotopa uja. Koma anaganizanso kuti akati ayi, ndiye kuti mapazi otupa aja ndi nthano yopeka, ndipo Maliya, amene kale sanawerengedwe, tsopano akhala woti kulibe n'komwe. Anamanga chitenje n'kuimirira.

“Ndikum'dziwa. Ndine.”

“Amayi, khalani pansi muganize bwino,” anatero a Tsoka.

“Ndaganiza kale, apampando. Feteleza sindinagulitse, sindinamwere mowa. Ndinagawira munthu amene amakusokerani fodya inu nomwe ntchito ikakuchulukirani. Posoka ndi mnzathu, pa kuponi ndi wobwera?” Anatembenukira kwa Ephraim. “Inu bambo owerenga, ine ndinakunamizani, ndipo sindinali ndekha. Werenganinso lero. Aliyense amene anapungulirako mnzake feteleza akweze dzanja.”

Feggie anakweza lake. Anadikira. Amayi omwe ankabwerekana mbale zopungulira anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Akazi a a Tsoka anapeza chochita ndi mwana kumsana. Abambo ena anaona kuti nthawi yokaona ng'ombe yakwana. Dzanja linakhala limodzi lomwelo m'mwamba mpaka linatopa, ndipo Ephraim, amene manambala sankamuvuta, anangoima cholembera chili m'manja.

A Tsoka anayankhula osam'yang'ana Feggie. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo poti mwini wake wavomera pagulu, komiti singachitire mwina. Chaka chino dzina la mkazi wa Mphepo silikhalapo.

Anthu anabalalika mofulumira ngati kwagwa mvula. Feggie ananyamuka yekha, mutu uli chilili. Asanafike pa mjigo anamva mapazi kumbuyo. Anali Princess, misozi ili mbwembwembwe.

“Amayi, ndikhululukireni. Ndimafuna akuluakulu amve zoona. Ndikafufuta zonse, mawu anu onse ndikawachotsa.”

“Mukafufute?” Feggie anaima. “Nditaluza kale? Mwana iwe, usandiphe kawiri. Kawailesi kako kali kuti?”

Princess anakatulutsa m'chikwama.

“Yatsa.”

Anayatsa. Feggie anakagwira yekha n'kukayandikitsa pakamwa, nayankhula mokweza kuti ndi amayi a pa mjigo omwe amve.

“Ine si Ennie. Ndine Feggie, mkazi wa malemu Mphepo, wa ku Kapelula. Kuponi andilanda lero chifukwa ndinagawira Maliya wa ku esiteti. Chaka chino choti ndigawe ndilibe. Ndiye mukawauze okutumaniwo kuti makomo ogona ndi njala tsopano ndi awiri. Zimenezo a Ephraim angathe kuwerenga.”